Nzeru za ku Bunda Ziyesedwe pa Nkhokwe ya Mlimi

Pamene Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, mtundu wa Amalawi unayembekeza kuti ana ake ophunzira adzabwerera kumudzi ndi nzeru zotukula makolo awo. Sukulu ya zaulimi ya Bunda, pafupi ndi Mitundu, ndiyo inasenza udindo umenewu koposa zinzake, pakuti chuma cha dziko lino chili m'nthaka. Kuyambira chaka cha 2012 Bunda ili pansi pa yunivesite yoima payokha ya LUANAR, koma udindo uja sunasinthe. Nchifukwa chake nkoyenera kufunsa: kodi mlimi wa ku Nambuma, amene thukuta lake limathandiza kuyendetsa sukuluyi, wapindulanji ndi ntchito zimene aphunzitsi ake amagwira kumidzi?

Nkhani ya nyemba ikhoza kuthandiza poyankha. M'chaka cha 1993 akatswiri a ku Bunda anatulutsa mitundu yatsopano ya nyemba monga Kalima ndi Bunda 93. Imeneyi inali ntchito yotamandika, pakuti nyemba ndi ndiwo ya banja, ndi ndalama za mayi pamsika, ndiponso zimabwezera chajira m'nthaka zikadzalidwa pamodzi ndi chimanga. Koma nyemba zimasiyana ndi chimanga cha haibulidi. Mlimi akagula mbewu ya nyemba kamodzi angathe kusunga yake chaka ndi chaka, motero amalonda saona phindu lalikulu poichulukitsa ndi kuifikitsa m'masitolo a kumidzi. Mbewu yabwino ingathe kukhala m'mabuku a boma zaka zambiri osaponda m'munda wa ku Kabudula kapena ku Nsaru. Kutulutsa mbewu ndi theka chabe la ntchito; theka lina ndi kuichulukitsa kudzera m'makalabu a alimi mpaka ifike kwa mayi amene alibe njinga yopitira ku tauni.

Anthu a kumadzulo kwa Lilongwe si alendo pa nkhani za chitukuko. Ntchito ya Lilongwe Land Development Programme, imene inayamba m'chaka cha 1968 ndi chithandizo cha World Bank, inabweretsa misewu, zitsime, misika ndi ngongole za alimi. Phunziro lake ndi lakuti malangizo amazika mizu pamene mlangizi akhala pakati pa alimi, nadziwa minda yawo, nabwererako mvula ikagwa ndiponso pokolola. Mlendo wobwera pa galimoto tsiku limodzi, nafunsa mafunso ndi kudzaza mapepala, amachoka atatenga zambiri kuposa zimene wasiya.

Choncho ntchito za yunivesite kumidzi zisayesedwe ndi kuchuluka kwa misonkhano kapena kwa malipoti. Miyeso yoyenera ilipo itatu. Woyamba: patapita zaka zitatu ntchito itatha ndipo ndalama za othandiza zitaleka, kodi ndi mabanja angati amene akudzalabe mbewu ija? Wachiwiri: kodi alangizi a boma, amene amatsala m'deralo akatswiri akapita, aphunzirapo kanthu koti nkupitiriza? Wachitatu: kodi funso limene ophunzira anadzafufuza linachokera kwa alimi, monga vuto la chuku m'mtedza kapena mbozi zimene zinasakaza chimanga m'chaka cha 2017, ndipo kodi yankho lake linabwezedwa kwa eni ake m'Chichewa?

Apa ndi pamene pali ntchito ya atsogoleri a m'madera ndi ogwira ntchito za boma. Gulu la ku yunivesite likafika, iwo asangosonkhanitsa anthu ndi kuthokoza alendo. Agwirizane nawo pamaso pa mafumu za chimene chidzatsale m'mudzi ndi tsiku limene adzabwerenso kudzanena zimene apeza. Aphunzitsi a ku Bunda sadzanyozeka ndi mafunso otere, adzalemekezeka nawo. Digiri imaperekedwa pa tsiku la chikondwerero ku Bunda, koma mayeso enieni a sukuluyi amachitika m'mwezi wa February, pamene mayi wa ku Nambuma atsegula nkhokwe napezamo chakudya cha ana ake.