Mankhwala a Sitiroidi ndi Mtima Wochitidwa Opaleshoni

Mwa odwala atatu alionse ochitidwa opaleshoni ya mtima, pafupifupi mmodzi mtima wake umayamba kugunda mosalongosoka patangopita masiku awiri kapena atatu. Vutoli likhoza kuundanitsa magazi ndi kudzetsa kufa kwa ziwalo.

Poona kuti kutupa kwa minofu kumasonkhezera vutoli, madokotala anayesa kulipewa ndi mankhwala a sitiroidi. M'chaka cha 2007 ku Finland, pakati pa odwala 241, hydrocortisone anaoneka wothandiza. Koma kafukufuku wamkulu wa ku Netherlands wa 2012, wa odwala 4,494, ndi wina wa 2015, wa odwala 7,507, sanatsimikize zimenezi. Komanso mankhwalawa amakweza shuga m'magazi. Choncho chiyembekezo choyambacho chachepa.

Nanga ife a ku Ndirande ndi ku Bangwe titolepo chiyani? Ana athu ambiri ofunika opaleshoniyi, ena mwa iwo otumizidwa ku India, mitima yawo inaonongeka chifukwa cha zilonda za pakhosi zosachizidwa. Penisilini akaperekedwa msanga amateteza mtima. Tsono mwana akadandaula pakhosi ndipo thupi latentha, tisazengereze kupita naye kuchipatala.