Mawu Akuluakulu Asakuopseni, Ali na Mfundo Zake Monga Nzimbe

Sabata yatha ninakwera basi ya ku Great East Road kupita ku maliro ku Rufunsa. Titapita Chongwe, tikalibe kufika pa Chinyunyu, ninaona mtsikana amene anakhala pambali panga akugwedeza milomo, maso otseka, buku pa maondo. Ninaganiza kuti ali pa korona.

"Ayi ba ankolo, ni ma test," anatero. Anali kubwerera ku Mpanshya, kumene chipatala cha mishoni cha St Luke's chili ndi sukulu ya anamwino ndi azamba. Mawu amene anali kumulemetsa mutu anali awiri: hyperglycaemia na hypoglycaemia. "Yapalana maningi. Nikaloweza lelo, mailo yasokonezeka."

Manje imwe, mverani. Mawu awiriwa akasokonezeka pa pepala, utaya mamakisi. Akasokonezeka pa wodi usiku, utaya munthu. Loyamba litanthauza kuti shuga yakwera m'magazi, lachiwiri kuti yatsika. Wodwala amene shuga yake yatsika afunika chotsekemera msanga, apo ayi akomoka.

Ninamupempha bolopeni. Tinadula liwu lija monga mmene tidulira nzimbe, mfundo na mfundo. Hyper ni pamwamba. Hypo ni pansi. Glyc ni kutsekemera. Aemia ni magazi. Zonse zinayi ni Chigiriki chakale. Kutsekemera-pamwamba-m'magazi. Kutsekemera-pansi-m'magazi. Chapwa. Pofika pa Chinyunyu, mtsikana uja anali atazindikira yekha kuti hypertension ni BP yokwera ndipo hypothermia ni thupi lozizira kupyola muyezo. Palibe amene anamuuza.

Apa ndiye pali nkhani yanga ya sabata ino. Anthu akamba ati Chilatini na Chigiriki chakale ni zilankhulo zakufa. Zoona, simuzagula nazo tomato pa Soweto Market. Koma nchito zambiri zimene makolo athu alota kuti tigwire zinamangidwa na njerwa za zilankhulo ziwirizi. Amene adziwa njerwa saopa khoma.

Tulutsani kapepala kamene anakupatsani ku kiliniki. Tumalembo tuja tumene muganiza ati dokota alemba dala kuti musamve, ni Chilatini chofupikitsa. Bd ni kawiri pa tsiku. Tds ni katatu. Nocte ni usiku. Stat ni manje manje. Prn ni pokhapo pamene pafunika. Amayi onse apita ku antenatal, koma ni angati adziwa kuti ante ni "isanafike" ndipo natal ni "kubadwa"? Gwirani kamchira kamodzi chabe, itis, kamene katanthauza kutupa, ndipo matenda ambiri avula jekete: gastritis ni kutupa kwa chifu, hepatitis kwa chiwindi, nephritis kwa impso, arthritis kwa malo olumikizira mafupa.

Tiyeni ku khoti. Mu Ogasiti 2017, mlandu woukira boma wa a Hakainde Hichilema unatha na nolle prosequi, ndipo liwu lakuti "nolle" linalowa m'makomboni monse. Tanthauzo lake ni "kusafuna kupitiriza". Boma lasiya mlandu, koma silinanene kuti munthu alibe mlandu, ndiye chifukwa chake wina angatuluke pa nolle n'kugwidwanso pa chitseko. Habeas corpus ni lamulo la khoti lakuti munthu wosungidwa m'chitokosi abweretsedwe pamaso pa woweruza, aone ngati amusunga mwalamulo. Nyumba ya Malamulo ikatseka sine die, ndiye kuti yatseka popanda kutchula tsiku lobwerera. Amene alota za ZIALE, kapena ukalaliki wa pa khoti, kapena upolisi, mawu awa ni chakudya cha tsiku lililonse.

Mwina mukuti, "Ine nchito yanga ni ya manja." Simunapulumuke. Mkuwa umene udyetsa dziko lino ulembedwa Cu, kuchokera ku cuprum, dzina limene Aroma analitenga ku chisumbu cha Cyprus kumene anali kuukumba. Golide amene anyamata asefa m'mitsinje ya ku Rufunsa alembedwa Au, aurum. Mtovu wa ku Kabwe ni Pb, plumbum, ndipo popeza mapaipi a madzi a ku Roma anali a mtovu, wokonza mapaipi mpaka lelo atchedwa plumber. Ba plumber a ku Kanyama, dzina lanu ni la ku Roma, muziyenda mokweza mapewa.

Ngakhale ku munda. Mbozi zimene zinagwera chimanga chathu kumapeto kwa 2016 dzina lake m'mabuku ni Spodoptera frugiperda, ndipo frugiperda ni "wowononga zipatso". Amene anazitcha dzina sananame.

Nanga madalaivala a mathiraki? Chipwitikizi na Chifalansa ni ana a Chilatini. Madzi pa Chilatini ni aqua, ku Tete ati água. Amene ali na mizu ya Chilatini m'mutu sayamba pa ziro akadutsa pa Chanida kulowa ku Mozambique, kapena pa Kasumbalesa kulowa ku Congo.

Anansi athu a ku Malawi anaiyesa nkhaniyi mwamphamvu. Mu 1981, Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, ndipo analamula kuti mwana aliyense pa sukulupo aphunzire Chilatini na Chigiriki. Ambiri anadandaula, ndipo anali na mfundo: ndalama zambiri zinathira pa sukulu imodzi pamene ana ena anali kuphunzira pansi pa mtengo. Ine sinikamba kuti timange yathu ku Rufunsa. Nikamba kuti kachidutswa ka nzeru ija kamene kathandiza pa nchito mungakatenge mahala.

Nisakunamizeni. Chilatini chokha sichizakupezerani nchito. Palibe bwana ku Industrial Area amene azakufunsani za Julius Caesar. Ndipo chonde musakhale ngati mudala uja wa pa maliro amene aponya mawu akuluakulu kuti amuope, anamfedwa osamvapo kanthu. Nzeru imeneyi ni yomasulira, kuti ambuya akafunsa kuti "dokota wati chani?" muwayankhe m'Chinyanja choyera.

Chochita ni ichi. Gulani kabuku kakang'ono. Sabata iliyonse lembani mizu isanu, tanthauzo lake, na mawu atatu amene muipezamo. Yambani na izi: ante na post, isanafike na itapita; sub na super, pansi na pamwamba; tachy na brady, msanga na pang'onopang'ono. Dikishonale yabwino ionetsa kumene liwu linachokera, ndipo pa foni mungafufuze na bandulo yochepa kuposa imene mutaya pa TikTok usiku umodzi. Ngati ku parishi kwanu kuli ansembe achikulire, afunseni, ambiri a iwo anakumana nacho Chilatini ku seminale. Mizu isanu pa sabata, pakutha chaka muli na 260. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Mtsikana uja anatsika pa mphambano ya ku Mpanshya, chikwama pa msana. Basi isananyamuke anagogoda pa windo.

"Ba ankolo! Tachycardia. Mtima uthamanga, ai?"

Ninamukwezera chala chachikulu. Kondakitala anatiyang'ana ngati tapenga.

Tionane sabata ya mawa. Bwerani na mizu yanu isanu.