Chinyezi cha Tiyi Chidziŵike Tiyiyo Akadali M'makina

Mlimi wa tiyi wa ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Honde Valley m'dziko la Zimbabwe angathe kuthyola masamba aŵiri ndi nsonga monga amanenera alangizi, koma thukuta lake limakapindula kapena kukatayika m'fakitale, m'mphindi zoŵerengeka zimene tiyi amakhala m'makina oumitsira. Eni mafakitale asanaganize zogula makina ena atsopano, ayenera kuyamba aika ndalama pa kayendetsedwe ka makina ameneŵa.

Masamba akafota, nkugayidwa, nkusiyidwa kuti afiire, amafika poumitsira ali ndi madzi pafupifupi magawo 70 pa 100. Potuluka ayenera kutsala ndi magawo atatu okha, kapena kufupi ndi apo. M'makina ambiri mphepo yotentha imauzira kuchokera pansi, tiyi nkumabwadamuka ngati madzi oŵira kwinaku akusendera kotulukira. Akatuluka ndi chinyezi chambiri sachedwa kusukuluka m'matumba, mwinanso kuchita nkhungu. Akapyola muyeso amanunkha kupserera, ndipo ogula ku okushoni ya ku Limbe amamtsitsa mtengo, pamene nkhuni za bulugamu zimene zampserezazo zapita pachabe.

Chovuta nchakuti masamba safika ofanana. Makilogalamu 100 a tiyi wogayidwa wa madzi 70 pa 100 amatulutsa makilogalamu 31 a tiyi wouma, ndipo madzi ochotsedwa ndi makilogalamu 69. Tsiku la mvula, masamba akakanika kufota bwino nkufika ndi madzi 72 pa 100, tiyi wouma amatsikira pa 29, madzi ochotsedwa nkukwera kufika pa 71. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma kukutanthauza kuti pa kilogalamu iliyonse ya tiyi wouma makina ayenera kuchotsa madzi oonjezera gawo limodzi mwa magawo khumi. Woyendetsa makina sangaone zimenezi ndi maso. Akatapa tiyi wotuluka nkupita naye kokayeza, yankho limabwera tiyi wambiri atadutsa kale. Tsono amasintha makina pofuna kukonza zimene zinatha, ndipo kaŵirikaŵiri amapyoza: tiyi wonyowa wa m'maŵa amatsatidwa ndi wopserera wa masana.

Njira yothetsera vutoli inafufuzidwa m'chigawo chomwe chino. M'zaka za m'ma 1990 Stephen Temple, wa bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa ku Mulanje, mogwirizana ndi akatswiri a ku yunivesite ya Wageningen ku Netherlands, anakonza chifanizo cha makina oumitsira tiyi pa kompyuta, ndipo ntchitoyo inampezetsa digiri ya udokotala m'chaka cha 2000. Chifanizo chotere ndi masamu chabe. Munthu amauza kompyuta kutentha kwa mphepo, liŵiro lake, kuchuluka kwa tiyi woloŵa ndi madzi ake, ndipo iyo imaŵerengera momwe chinyezi chitsikire kuchokera poloŵera mpaka potulukira. Motero fakitale ingayese njira zambiri zoyendetsera makina popanda kuononga tsamba ngakhale limodzi.

Chokoma kwambiri nchakuti chinyezi chingadziŵike popanda chipangizo chodula. Mphepo ikadutsa mu tiyi wonyowa imazizira, pakuti madzi pouluka amatenga kutentha. Tiyi akamauma, mphepoyo imatuluka yotentherapo. Choncho kachipangizo koyezera kutentha, koikidwa pamwamba pa tiyi cha kumapeto kwa makina, kangathe kuuza kompyuta nthaŵi iliyonse ngati tiyi akuuma moyenera, ndipo kompyutayo imachepetsa kapena kuonjezera tiyi woloŵa chinthu chisanalakwike. Mtengo wa zimenezi ndi wochepa poyerekeza ndi wa makina oumitsira atsopano.

Alipo amene amakayika, ndipo pena akunena zoona. Kachipangizo kakakutidwa ndi fumbi la tiyi kamanama, ndipo kompyuta imamvera bodzalo mosanyinyirika usiku wonse. Masamu okonzedwa potengera makina a fakitale ina sangangosamutsidwira kwina osayesedwanso. Komanso kompyuta siingaongole zonse ngati ogaya akutumiza tiyi moduladula, pano mulu, pano palibe, kapena ngati magetsi akungozimazima. Koma zonsezi zikungosonyeza kuti woyendetsa makina wodziŵa ntchito akufunikabe. Iye amene amazindikira tiyi wopserera ndi mphuno ndiye woyenera kuphunzitsidwa kupukuta ndi kuyesa zipangizo, ndi kudziŵa nthaŵi yoti alande chiongolero kwa kompyuta.

Mabungwe a alimi ang'onoang'ono, pokambirana ndi mafakitale za mtengo wa masamba aŵisi, ali ndi chifukwa chofunsirako kuti chinyezi cha tiyi wotuluka chimayezedwa kangati pa tsiku, ndipo chimasinthasintha motani. Mtengo wa masamba awo sungakwere pamene tiyi wopangidwa kuchokera ku masambawo akugulidwa motsika ku Limbe.