Dzina la munthu amene sukulu sanaione

Mu 2021, pa okushoni ya Christie's ndi Hunt Auctions ku New York, chithunzi cha 1911 cha katswiri wa baseball, Shoeless Joe Jackson, chinagulidwa pa madola 1.47 miliyoni. Chimene chinakweza mtengo ndi dzina lake lolembedwa m'munsi ndi dzanja lake lomwe. Jackson analowa ntchito m'fakitale ya nsalu ku South Carolina ali kamwana, kusukulu osapondako, moti omukonda akapempha siginecha, kawirikawiri ankasaina ndi mkazi wake Katie. Iye mwini akagwira cholembera, zilembo zinkatuluka zokhotakhota, chimodzichimodzi, mochita kuvutikira. Masiginecha ake enieni ndi owerengeka, ndipo posowa chinthu mpamene akathyali amadyerapo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, FBI inagwira gulu lopeka masiginecha a akatswiri pa kafukufuku wotchedwa Operation Bullpen. Nchifukwa chake ine ndimaima ndi akadaulo amene amayerekeza chilembo ndi chilembo, kuunika inki ndi kufufuza m'manja monse mmene chinthu chadutsa. Amateteza thumba la wogula, komanso amaletsa mlendo kuvala dzina limene mwiniwake analilemba ndi thukuta.