Khoti lopanda apolisi

Amene amalota za boma limodzi lolamulira dziko lonse lapansi ayambe ayang'ana khoti la ICC ku The Hague. Linayamba ntchito mu 2002, kuti liziweruza milandu yopulula mitundu ya anthu ndi nkhanza za pankhondo. Oweruza lili nawo, ngakhalenso zitolokosi. Apolisi ndiwo lilibe. Likalamula kuti munthu amangidwe, limangodikira boma lina limugwirire.

Amalawi anazionera pakhomo. Mu Okutobala 2011, Omar al-Bashir, mtsogoleri wa Sudan panthawiyo, yemwe khotili linkamufuna kuyambira 2009 pa nkhani ya ku Darfur, anatera ku Lilongwe kudzakhala nawo pa msonkhano wa COMESA. Boma la Bingu wa Mutharika linamulandira ndi manja awiri, mkuluyo n'kubwerera kwawo mwamtendere. Chaka chotsatira Joyce Banda anati al-Bashir asayerekeze kubwera ku msonkhano wa African Union ku Lilongwe, ndipo bungweli linasamutsira msonkhanowo ku Addis Ababa. Lamulo linali lomwelo. Chinasintha ndi mwini mpando, komanso mantha oti thandizo lakunja lingaime.

Akuluakulu enanso sagwidwa. Vladimir Putin anakacheza ku Mongolia mu 2024, Benjamin Netanyahu ku Hungary mu 2025, onse khoti likuwafuna, koma palibe anawakhudza. Rodrigo Duterte, mtsogoleri wakale wa Philippines, ndiye anakwezedwa ndege yopita ku The Hague mu Malichi 2025, banja lake litadana ndi la Marcos lomwe likulamula dzikolo.

Chonyansa kwambiri chili ku New York. Mlandu wa Darfur unatumizidwa kukhoti mu 2005 ndi nthambi yachitetezo ya United Nations, momwe America, Russia ndi China ali ndi mphamvu yoletsa chigamulo chilichonse, chonsecho atatuwa si mamembala a khotilo. Fatou Bensouda, mkulu wozenga milandu ku khotilo panthawiyo, atayamba kufufuza za ku Afghanistan, America inamuika pa zilango mu 2020. Boma la dziko lonse litakhazikitsidwa lero, eni ake angakhale omwewa, ndipo dziko ngati Malawi lingangokhala loombera m'manja.

Komatu izi sizikuyeretsa atsogoleri amene amakuwa za ufulu wodzilamulira akangomva kuti khoti likuwasaka. Ufulu umenewo unateteza al-Bashir, osati anthu a ku Darfur omwe midzi yawo inatenthedwa. Anamuchotsa pampando ndi asilikali ake omwe mu Epulo 2019, anthu atadzaza misewu ya Khartoum. Mu 2021 nduna za Sudan zinavomereza zomupereka kukhoti, koma ku The Hague sanafikeko.