Miyala ya ku Belogradchik siithawa

Pali khalidwe lina la alendo okaona malo limene limandiwawa mumtima: kutsika basi foni ili kale m'mwamba, kujambula, n'kukweranso asanaone n'komwe chimene ajambulacho. Ku Belogradchik, katauni ka kumpoto chakumadzulo kwa Bulgaria, khalidweli ndi lomvetsa chisoni, chifukwa za kumeneko zimafuna munthu akhale pansi.

Kuseri kwenikweni kwa nyumba za anthu kwaima miyala ikuluikulu yofiira, ina yotalika mpaka mamita 200. Imafiira chifukwa muli chitsulo, ndipo mvula ndi mphepo zakhala zikuisema kwa zaka mamiliyoni. Eni dera anaipatsa mayina: Wapakavalo, Mtsikana wa Sukulu, Amonke, Adamu ndi Hava. Wotsogolera alendo akangoloza, gulu lonse limati "eya, ndi uyo," liwiro kupita pa mwala wina.

Koma inu nomwe mukudziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodekha ndiye amazindikira kuti linga la pa miyalayi, lotchedwa Kaleto, silinamangidwe mbali zonse. Anayamba ndi Aroma, mfumu Ivan Sratsimir ya ku Vidin inawonjezera m'zaka za m'ma 1300, Aotomani analanda mu 1396 n'kudzalikuza, koma kumtunda kwake amisiri ankangotseka mipata, kwinako khoma ndi thanthwe lenilenilo. Kwerani masitepe otsetserekawo, mukaike dzanja pomwe mwala wa mmisiri wagundana ndi thanthwe lofiira, mudzamva ulemu pa anthu amene anadziwa poyambira ndi polekezera.

Ndiye wothamangayu ali ndi mphwake amene ndakhala ndikumudandaula kwa nthawi yaitali: wolemba dzina pakhoma. M'phanga la Magura, m'dera lomweli pafupi ndi mudzi wa Rabisha, muli zithunzi zoposa 700 za ovina, alenje ndi nyama, zimene anthu akale anajambula ndi ndowe za mileme zaka zikwi zapitazo. Munthu wamoyo n'kufika pamalo otere, dzanja likumuyabwa kuti akande dzina lake ndi kiyi! Tisaloze kutali. Ku Chongoni, ku Dedza, komwe UNESCO inakuika pa mndandanda wake mu 2006, kuli mapanga omwe mayina a makala akuta zojambula za makolo athu.

Awiriwa chimene akufuna ndi umboni woti anafikako, basi. Wa foni uja ndingamulekerere, poti wadzimana yekha. Wa makalayu ayi. Osamalira malowa asachite naye manyazi: amulipiritse chindapusa chowawa, ndipo ngati alonda akuchepa, phanga lotere likhale ndi chitseko cha loko.