Cophwanya cikwati si matenda, koma bodza

Ife amene tiphunzitsa za cikwati m'maparishi tamva dandaulo ili kangapo: mkazi apeza mankhwala obisika m'sutikesi cikwati citangopita, ndipo mwamuna avomela kuti anali kudziwa za matenda ake asanapite ku guwa. Acibale afunsa: kodi Mpingo unena ciani?

Lamulo la Mpingo wa Katolika la 1983, pa Kanoni 1098, linena kuti ngati munthu wanyengedwa mwadala kuti avomele, pa cinthu cimene cingasokoneze kwambili umoyo wa m'banja, cikwati cimeneco sicinamangike. Mu 2015 Papa Francis anafupikitsa njila ya milandu yotele. Anachula kubisa matenda aakulu opatsilana, kubisa kusabala, kubisa ana a kwina kapena ukaidi monga nkhani zimene bishopu mwini angaweluze mwamsanga, ngati onse awili avomela ndipo umboni uli poyela.

Timvetsetse bwino. Uku si kusudzula ai. Bwalo la Mpingo liona ngati panali kuvomela koona pa tsiku la malumbilo. Ana obadwa m'banja lotelo akhalabe ana ovomelezeka. Ndipo mapepala a boma ali ndi njila yao ku khoti.

Matenda okha si mlandu. Amene mnzake wadwala ali kale m'banja asathamangile kwa bambo mfumu kufuna ufulu. Pamenepo ndi pamene lumbilo ligwila nchito. Ngakhale kusabala pakokha sikuletsa cikwati. Munthu wa kacilombo ka HIV amene akumwa ma ARV mokhulupilika angathe kumanga banja ndi kubala ana opanda kacilombo. Coipa ndi kulanda mnzako ufulu wosankha ali kudziwa.

Tsono mau athu apite kwa ankhoswe, alangizi ndi makolo. Nthawi zina ndife akulu amene tiuza mwana kuti akhale cete, poopa manyazi kapena kuti cimalo cingabwezedwe. Tikatelo, bodzalo ndi lathunso.

Inu anyamata ndi atsikana otomelana, pitani pamodzi kukapimitsa magazi maina anu asanalengezedwe m'chalichi, ndipo uzanani zonse. Mwina wina adzacoka, ndipo zidzawawa. Koma amene adzatsala atamva coonadi, ameneyo ndiye wanu, ndipo palibe bwalo lidzaphwanye cikwati canu cifukwa ca cinyengo.